Mukafuna kupita kugombe la nyanja yamchere kopanda chigulu cha anthu, yendani chonchi

Gombe loti ukafika umangopeza mchenga wosalala, mapazi a mbalame ndi timayenje ta nkhanu basi, popanda wailesi, popanda wina wokupondera nsalu yomwe wayala, amenewo ndi malo amene ine mtima wanga umakhalako pansi. Ndikunena za kunyanja yamchere, ija yaikulu yoti tsidya lina silioneka olo utapenyetsetsa bwanji. Koma ndinene poyambirira pomwe kuti chimene chimakometsa malo otere ndi chomwenso chimafuna kuti munthu ukhale tcheru: kulibe anthu. Kugombe kotchuka kumakhala anthu olembedwa ntchito yopulumutsa osambira, kumakhala mbendera ndi zikwangwani, wina amakhala atakuonerani kale madziwo n'kukuuzani kuti sambani apa, apo ayi. Uku zonsezo kulibe. Ntchito yoona madzi ndi yanu, nde ndati ndilembe mmene ndimachitira ine kuyambira ndili kunyumba mpaka pobwerera.

Yambani ndi kusaka malowo. Tsegulani mapu pafoni, kaya Google Maps kaya ina iliyonse yomwe muli nayo, muike zithunzi za setilaiti zija, kenako muzitsata m'mbali mwa nyanja pang'onopang'ono ndi chala. Mukufuna mchenga woti pafupi pake palibe mahotela ondondozana komanso msewu wa tala sukufikapo. Nthawi zambiri simufunika n'komwe kupita kutali kwambiri, anthu amaunjikana pomwe pathera msewu chifukwa anyamula katundu ndi ana, ndiye mukangoyenda wapansi mphindi 20 kapena 30 kuchokera poimika magalimoto mumapezeka mwatsala nokha. Tsikunso limathandiza, pakati pa sabata, sukulu zili zotsegula, m'mamawa. Gombe lomwe Lamlungu masana limakhala lothithikana, Lachiwiri 6 koloko m'mawa mukhoza kulipeza kuli zii.

Mukapeza malo, funsani kuti kodi kulibe anthu chifukwa chani. Funso ili musalidumphe chonde, paja safunsa anadya phula. Kwina kumakhala kopanda anthu chifukwa n'kutali basi, kumeneko nde kwabwino. Koma kwina anthu a m'deralo sasambako chifukwa madzi ake amakoka, kapena pali mtsinje wothira madzi oipa, kapena pansi pali miyala yakuthwa, kapena kumachitika zauchifwamba, kapenanso ndi malo otetezedwa oti kulowa kwake n'kwa chilolezo. Mapu sangakuuzeni zimenezi. Amene amadziwa ndi asodzi ndi anthu okhala m'mbali mwa nyanjayo. Apatseni moni mwaulemu, kenako mufunse chonchi: "Bambo, kodi ana anu amasamba pati? Nanga ndi pati pamene simuwalola?" Ukafunsa kuti kodi pano m'pabwino, munthu amangoti eya posafuna kukhumudwitsa mlendo, koma ukamufunsa za ana ake amakuuza zoona zokhazokha.

Tsopano chachikulu, chimene ndingakonde muchigwire olo mutaiwala zina zonsezi: madzi a nyanja yamchere sakhala pamodzi. Amakwera, amatsika, tsiku ndi tsiku. Ngati munazolowera kusamba mu mtsinje, m'damu kapena m'nyanja yopanda mchere izi zimadabwitsa ndithu, malo omwe m'mawa munayendapo pouma masana pamakhala madzi okumiza. Umene umakoka madziwo ndi mwezi, dzuwa limathandizirako. M'magombe ambiri madzi amadzaza kawiri ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kuchokera podzaza kufika podzazanso pamadutsa maola 12 ndi mphindi 25, kutanthauza kuti kuchokera podzaza kufika pophwa ndi maola 6 ndi timphindi pang'ono. N'chifukwa chake nthawi yake imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ngati lero aphwa 9 koloko m'mawa, mawa aphwa cha m'ma 9:50. Nde musadalire nthawi yomwe anakuuzani mnzanu amene anapitako sabata yatha. Pa intaneti lembani dzina la doko kapena tauni yapafupi ndi gombelo pamodzi ndi mawu oti tide table, mupeza nthawi yeniyeni ya tsiku lomwe mukufunalo. Jambulani pafoni kapena koperani papepala chifukwa kumeneko netiweki ikhoza kusowa.

Muonenso kuti mwezi uli pati. Ukakhala wathunthu, komanso masiku aja uli kumdima, dzuwa ndi mwezi zimakokera pamodzi ndiye madzi amakwera kwambiri n'kuphwanso kwambiri, zimachitika pafupifupi milungu iwiri iliyonse. Ukakhala theka kusiyanako kumachepa. Malonso amasiyana kwambiri: ku Bay of Fundy ku Canada madzi amatha kukwera mamita 16, pomwe m'magombe ambiri a nyanja ya Mediterranean safika olo theka la mita. Pali malo enanso oti amakwera kamodzi kokha pa tsiku. Ndiye onani za gombe lanulo, osati za gombe lina.

Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti madzi sakwera pa liwiro limodzi. Oyenda panyanja amagawa kukwera konse m'magawo 12: ola loyamba limabweretsa gawo 1, lachiwiri magawo 2, lachitatu 3, lachinayi 3, lachisanu 2, lomaliza 1. Werengani bwino muona kuti theka la madzi onse limabwera mu maola awiri apakatiwo. Ine zinandionekera. Tsiku lina ine ndi mchemwali wanga tinazungulira thanthwe lalikulu lolowa m'nyanja madzi ataphwa, kuseri kwake kunali kagombe kokongola zedi kotchingidwa ndi miyala italiitali kumbuyo. Ola loyamba tikatukula maso madzi ankaoneka ali pomwe anali, tinangoti nthawi ilipo. Pomwe timanyamuka njira ija tinadutsa pouma inali ndi madzi ofika m'chiuno, mafunde akumenya pathanthwepo n'kubwerera ndi mphamvu, tinadutsa titagwirana manja chikwama chili pamutu, ndipo ine ndinang'ambika mwendo ndi tizigoba takuthwa tomata pamiyala. Tikanachedwa theka la ola sitikanadutsa, ndipo kumbuyoko kunalibe pokwera. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope ya mchemwali wanga nthawi imeneyo mtima umandigunda. Magombe afulati kwambiri ndi oopsanso mwa njira yawo, madzi amaphwa kupita kutali makilomita, pobwera amayamba kudzaza m'makwawa a kumbuyo kwanu inu mukuyang'ana kutsogolo. Mu February 2004 ku Morecambe Bay ku England anthu oposa 20 amene ankatola nkhono zam'nyanja pamchenga anamira chifukwa cha madzi okwera motere.

Nde konzani ulendo kuti mufike madzi akutsika, mwina maola awiri asanaphweretu. Chilichonse chofuna kuzungulira miyala kapena kupita kutali pamchenga muchite nthawi imeneyo, ndipo muike alamu pafoni pa nthawi yomwe madzi ayambe kukwera. Ikalira bwererani, musakambirane.

Zanyengo muonenso dzulo lake ndi m'mawa mwake, makamaka mphepo kuti ikuchokera kuti. Yochokera kumtunda kulowera kunyanja imasalaza madzi n'kumaoneka abata, koma imakankhira kutali chilichonse choyandama, machubu, matiresi opopa, mpira. Tsiku lotero mwana asakwere pachubu, ndipo mpira ukapita usiyeni upite. Masana kawirikawiri kumabwera mphepo yochokera kunyanja chifukwa nthaka imatentha msanga kuposa madzi, mpweya wotentha umakwera ndipo wozizira wa kunyanja umalowa m'malo mwake, n'chifukwa chake m'mawa madzi amakhala odekha kuposa madzulo. Komanso mafunde akuluakulu amatha kufika kunja kuli ngwee popanda ndi kamtambo komwe, amakhala achokera ku namondwe wa kutali kwambiri, choncho onani msinkhu wa mafunde pa zolosera zanyengo za panyanja. Ikagwa mvula yamphamvu dikirani masiku awiri kapena atatu musanasambe pafupi ndi pothira mtsinje, madzi ake amakhala atakokolola zonyansa za kumtunda. Mukamva bingu tulukani m'madzi ndipo muchokenso pamchenga poyerapo.

Musananyamuke uzani munthu m'modzi wodalirika. Mutumizireni dzina la malo, lokeshoni pa WhatsApp, nthawi yomwe mubwerere, ndi choti achite nthawiyo ikadutsa muli chete. Sungani nambala ya zangozi ya dziko lomwe muli, m'maiko ambiri 112 imagwira pafoni ya m'manja. Ndipo ngati mukufuna kukasambira musapite nokha. Kukakhala panokha n'kumaganiza ndi kwabwino, inenso ndimachita, koma tsiku limenelo madzi ndimawalekeza m'mawondo.

Zonyamula sizichuluka koma chilichonse chili ndi ntchito, poti kumeneko kulibe pogula. Madzi akumwa malita atatu pa munthu aliyense ngati mukaswera tsiku lonse, kuphatikiza botolo lina lotsukira bala kapena m'maso. A m'nyanjawo musamwe olo ludzu litavuta bwanji, lita imodzi imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, ndipo impso zimafuna madzi ochuluka kuposa omwe mwamwawo kuti zitulutse mcherewo. Mthunzi munyamule nokha: ambulera yaikulu, chipewa chachikulu, malaya opepuka a manja aatali, magalasi a dzuwa. Mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposa, kudzola maola awiri aliwonse komanso mukatuluka m'madzi. Ena amati khungu lakuda silipsa ndi dzuwa, si zoona, limapsa, mapewa, pamphuno ndi pamwamba pa mapazi zimasupuka ndithu, chifukwa mchenga ndi madzi zimabwezanso kuwalako kuchokera pansi. Tengani nsapato zakale zomanga zoti mukhoza kulowa nazo m'madzi, masilipasi amavuka ndi funde loyamba. Kenako kabokosi ka bandeji, pulasitala, mankhwala otsukira bala, kopanira kozulira minga, kabotolo ka viniga ndi fulasiki ya madzi otentha, ntchito yake ndinena pansipa. Tochi, pawa banki, wezulo, jumbo yotseka bwino yoikamo foni ndi makiyi, majumbo a zinyalala, ndi chakudya chosachedwa kusasa ndi kutentha. Mapu a deralo muwakopere pafoni muli pa netiweki.

Galimoto imikani pouma polimba, kumtunda. Musaiyese pamchenga wa pagombe, m'maiko ambiri n'zoletsedwa ndipo galimoto ikatitimira madzi akubwera palibe wokukokani. Ngati njira yopitira ili ya mchenga wakuya anthu amaphwetsako matayala kuti agwire pakulu, koma zimenezo n'za amene ali ndi pampu yopoperanso, apo ayi imikani muyende. Musasiye kanthu koonekera pampando. Mukatulukira pagombe tembenukani mujambule kanjira komwe mwatulukirako, kapena muimikepo ndodo yaitali. Milu ya mchenga imafanana yonse, pobwerera mutatopa dzuwa likulowa mukhoza kupitirira kanjirako osakaona.

Mwafika. Musavule msanga. Kwerani pamalo okwera, mukhale pansi mphindi 10 kapena 15 mukungoyang'ana madzi. Ine mphindi zimenezi ndimazikonda kuposa zina zonse. Muona kuti mafunde sabwera ofanana, pamabwera ang'onoang'ono kwa kanthawi kenako gulu la akuluakulu angapo motsatizana, kenako bata. Wongoyang'ana mphindi imodzi amaona ang'onowo n'kuganiza kuti nyanja yonse ili choncho. Yang'ananinso pamchenga mupeze mzere wa ndere zouma, timitengo ndi zigoba, umenewo ndi pomwe madzi anafika atadzaza. Katundu wanu ayalidwe kumtunda kwa mzerewo. Ngati mzerewo wafika pa tsinde penipeni pa phompho kapena pa miyala ya kumbuyo, dziwani kuti madzi akadzaza gombe lonselo limamira. Ndipo pansi pa phompho musakhalepo olo pali mthunzi wabwino, miyala imagumuka popanda chenjezo.

Chimene mukusaka kwambiri pa mphindi zimenezi ndi rip current, madzi okokera munthu kunyanja. Mafunde akamaswa amathira madzi ambiri kugombe, madziwo amafuna pobwerera, ndiye amapeza mpata pakati pa milu ya mchenga ya pansi pa madzi kapena m'mbali mwa miyala n'kumathamanga kubwerera kunyanja ngati kamtsinje. Chomvetsa chisoni n'chakuti pamenepo m'pamene pamaoneka pabwino kusamba. Uku mafunde akuswa thovu lili mbuu, ukonso chimodzimodzi, pakati pali kampata ka madzi odekha, akuderako chifukwa m'pakuya, nthawi zina a mtundu wa mchenga, thovu ndi zinyalala zikuyenda kuchoka kugombe. Munthu wamantha ndi mafunde amasankha pomwepo. Pewani pamenepo, sambani pomwe mafunde akuswa mofanana m'litali monse, kutali ndi miyala yolowa m'nyanja ndi pothira mtsinje. Madzi okokawa akalimba amathamanga mamita 2 ndi theka pa sekondi, palibe katswiri wosambira amene angalimbane nawo. Amakondanso kukula mphamvu madzi akaphwa, nde nthawi ija ndati ndi yabwino kuyenda ndi kuona makwawa a pansi si kuti ndi yabwinonso kusambira mosasamala.

Akakugwirani, chinthu choyamba kukumbukira n'choti sakokera pansi, amakokera kunyanja. Chimapha anthu ndi kutopa polimbana nawo kufuna kubwerera molunjika kugombe. Ngati mapazi akufika pansi imani. Ngati sakufika gonani chagada muyandame, madzi amchere amanyamula thupi bwino, pumani, kwezani dzanja limodzi ndi kukuwa kuti mnzanu aone. Kamtsinjeka nthawi zambiri kamakhala kopapatiza, mamita 10, 20 kapena 30, ndipo mphamvu yake imatha mukadutsa pomwe mafunde amaswera. Nde sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mumve kuti kakusiyani, kenako mulowere pomwe mafunde akuswa akuthandizeni kubwerera. Akakhala mnzanu amene wakokedwa musadziponye m'madzi chimanjamanja, anthu ambiri amwalira akupulumutsa anzawo. Muponyereni choyandama, kaya chigubu chopanda kanthu chotseka kaya bokosi loziziritsira zakumwa, mumukuwire kuti agone chagada, wina aimbe foni, ndipo maso anu asachoke pa iye.

Ine lamulo langa kugombe kopanda opulumutsa ndi la m'chiuno, madzi asapitirire pamchombo. Musanalowe sankhani chizindikiro kumtunda, mtengo kapena ambulera yanu, chifukwa madzi amakusunthani cham'mbali pang'onopang'ono osazindikira, mukaona mwachoka tulukani muyende pamchenga kubwerera. Musadumphire chamutu pomwe simukuona pansi. Mowa ndi kusambira zisakumane. Mwana akhale poti mukatambasula dzanja mumugwira, ndipo mugwirizane kuti panopa woyang'ana ana ndi ndani, chifukwa akuluakulu akachuluka aliyense amaganiza kuti mnzake akuyang'ana. Pamiyala musafulatire nyanja, ndipo mwala wonyowa ukutanthauza kuti funde linafikapo posachedwa. Ana akamakumba maenje asapitirire m'mawondo mwa mwana wamng'ono pagulupo, mchenga wodzaza mita imodzi mbali zonse umalemera makilogalamu oposa 1,500, ukagumukira mwana simungamufukule msanga.

Ichi n'chosowa koma muchidziwe. Mukamva chivomezi muli pagombe, kapena mukaona madzi aphwa mwadzidzidzi m'mphindi zochepa mpaka pansi pa nyanja kuonekera nsomba zikuphiriphitha, thamangirani kumtunda pompo, katundu musiyeni. Pa 26 December 2004 chivomezi cha kufupi ndi Sumatra chinautsa mafunde akuluakulu osefukira kumtunda otchedwa tsunami amene anapha anthu oposa 200,000 m'maiko a m'mbali mwa Indian Ocean, ndipo m'magombe ena anthu anatsatira madziwo kuti akaone chodabwitsacho. Funde loyamba likadutsa musabwerere, amabwera angapo.

Zoluma zilipo, koma zambiri zimapeweka ndi nsapato zija ndi kusagwira chomwe simukuchidziwa. M'madzi osaya a mchenga muziyenda mokhwekhwereza mapazi, pali stingray, nsomba yafulati ngati mbale yokhala ndi munga kumchira, imadzikwirira mumchenga ndipo ikamva kugwedezeka imathawa yokha, imabaya ikapondedwa. Pamiyala pali sea urchin, kanthu kozungulira kodzaza minga ngati kanungu. Zikakubayani izi viikani malowo m'madzi otentha omwe khungu lingapirire osapsa, pafupifupi madigiri 45 Celsius, kwa theka la ola kapena kuposa, ululu umatsika, kenako pitani kuchipatala ngati munga watsalira kapena bala ndi lakuya. Yambani mwayesa madziwo ndi dzanja labwino. Jellyfish ndi tija tofewa toonekera mkati ngati jumbo yoyandama, tili ndi tizingwe towotcha. Tikakukhudzani musapukute ndi mchenga kapena thaulo, musathire madzi akumwa chifukwa amachititsa kuti tizingwe totsalato tilume kwambiri, ndipo za mkodzo zija n'zabodza. Tsukani ndi madzi a m'nyanja n'kuchotsa tizingweto ndi kopanira. Viniga amathandiza pa box jellyfish, ija yooneka ngati kabokosi ya m'nyanja zotentha, kuthira masekondi 30, pomwe pa bluebottle, kaja kokhala ngati kabaluni ka buluu, chothandiza ndi madzi otentha kwa mphindi 20. Olo kafa kali pamchenga kamawotchabe, auzeni ana. Nkhono za zigoba zokongola zosongoka mbali imodzi musazitole zili zamoyo, zina zili ndi poizoni woopsa. Munthu akayamba kubanika, kutupa kumaso kapena kufooka, imbani foni ndi kuthamangira kuchipatala osadikira. Pewaninso kusambira mbandakucha, chisisira ndi m'madzi avundu, ndi nthawi yomwe shaki zimasaka, ndipo m'maiko otentha pothira mitsinje pamatha kukhala ng'ona.

Zonsezi zikakhala m'malo, ndiye sangalalani, ndi chimene mwadzera. Kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko dzuwa limakhala lamphamvu, khalani pamthunzi, werengani, gonani, kumamwa madzi musanamve ludzu. Foni ilowe m'jumbo mwake. Khalani phee mphindi zisanu pafupi ndi timayenje tija muone, kankhanu kotuwa ngati mchenga womwewo kamasuzumira ndi maso ake ataliatali, kamatuluka katafungata mchenga, kamauponya uko n'kubwerera, mukangosuntha chala kalowa. Madzi akaphwa pitani pa timaiwe totsalira m'miyala, gwadani mthunzi wanu usagwere m'madzimo, poyamba mumaona ngati mulibe kanthu kenako kachigoba kamayamba kuyenda, timiyendo tikutuluka pansi pake, ndi nkhanu ija imakhala m'chigoba cha nkhono yakufa n'kumasamukira m'chachikulu ikakula. Mwala uliwonse womwe mwautembenuza muubwezere mmene unalili, zokhala pansi pake zimafa ndi dzuwa. Zigobanso zisiyeni, ndi nyumba za tinkhanuto, ndipo m'malo otetezedwa kutola n'kulakwira lamulo.

Gombe lopanda anthu limakhala ndi eni ake ena. Akamba am'nyanja amasankha magombe amdima abata kuikirako mazira, amakumba kumtunda kwa mzere uja ndipo mazirawo amatenga pafupifupi miyezi iwiri kuti aswe. Tiana tikatuluka timalunjika komwe kukuwala, komwe mwachilengedwe ndi kunyanja, nde tochi, nyali za galimoto kapena moto zimatisocheretsa kupita kumtunda komwe timakafa. Mukaona mkukuluzi waukulu pamchenga ngati padutsa tayala la thirakitala kuchokera m'madzi, pomwe wathera musakumbe, musazikepo ambulera. Mbalame zinanso zimaikira mazira pamchenga poyera, mazira ake ofanana ndi timiyala, ikamakulirirani kapena kumayenda ngati yathyoka phiko ndiye kuti mwayandikira chisa, bwererani m'mbuyo. Galu akhale pachingwe. Pa milu ya mchenga muziyenda m'kanjira kokhako chifukwa udzu wa pamenepo ndi umene umagwira mchenga kuti usauluke. Chimbudzi kulibe, nde pitani kutali ndi madzi ndi njira, kumbani kadzenje masentimita 15 kapena 20, kwirirani bwino, pepala mulinyamule m'jumbo. Moto ngati ndi wololedwa muuzimitse ndi madzi, osaukwirira ndi mchenga, makala okwiriridwa amakhala otentha mpaka mawa ndipo wina adzapondapo.

Nyamukani kudakali ola limodzi dzuwa lisanalowe ngati pali mtunda woyenda, m'maiko a kufupi ndi equator, mzere wa pamapu wogawa dziko lapansi pakati, mdima umagwa msanga kwambiri dzuwa likangolowa. Kwirirani maenje onse omwe ana akumba, tiana ta akamba timagweramo n'kulephera kutuluka. Tolani zanu zonse mpaka zotsekera mabotolo ndi zotsalira za ndudu, ndipo jumbo ina ya zinyalala mudzazemo mapulasitiki ndi zingwe za asodzi zomwe nyanja yalavula, mbalame ndi akamba zimakodwa nazo. Pa galimoto tsukani mapazi ndi madzi otsala, muone ngati pali bala lililonse lomwe simunalimve, la pamiyala ya m'nyanja limatukusira msanga ndiye litsukidwe bwino ndi kuthiridwa mankhwala tsiku lomwelo. Netiweki ikangobwera mutumizireni munthu uja uthenga kuti mwatuluka.